Ndikumenya jimu tsiku lililonse koma thupi likubwerera m'mbuyo

Gulu la onyamula zitsulo a ku Dedza ndi Ntcheu

Lachiwiri usiku

Kachewere wa pa Lizulu: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndili ndi vuto, ndakhala ndikuchita nalo manyazi koma lero ndingonena. Chiyambire Malichi ndikumenya jimu tsiku lililonse, ngakhale Lamulungu ndikachoka kutchalitchi. Poyamba zinkayenda, pa benchi ndinafika 80 kg kasanu. Pano mwezi wathunthu ngakhale 70 ikundikanika, dzulo anzanga anachita kundichotsera chitsulo pachifuwa. Sikelo ya pamsika ikuti ndatsika, ndinali 68 pano 65. Usiku thupi limakhala lotopa koma tulo osabwera, ndipo chigongono cha kumanja chikuwawa ngati mwalowa msomali. Ndiwonjezere chiyani, maseti (maulendo onyamula chitsulo) kapena ndigule ufa wa mapuloteni uja wa m'zitini?

Njovu ya pa Mphate: Mfana limba mtima. Kuwawa ndiye kuti ntchito ikugwirika. Ife tinkamenya kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo. Arnold Schwarzenegger ankatero masiku 6 pa sabata ndipo anawina Mr. Olympia, mpikisano waukulu wa okulitsa minofu, ka 7. Zoti thupi latopa ndi nyimbo ya aulesi.

Madala a Zitsulo: A Njovu taimani kaye, tisapereke mankhwala tisanamve matenda. Iwe Kachewere, masana umagwira ntchito yanji?

Kachewere wa pa Lizulu: Ndimakweza matumba pamsika madala. Kachewere, kabichi, nthawi zina tomato. Malole opita ku Blantyre ndi ku Lilongwe akafika timayamba cha m'ma 4 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 9. Matumba osokerera pamwamba aja, awiri akutukula wina akusenza.

Madala a Zitsulo: Nanga jimu nthawi yanji, kugona nthawi yanji?

Kachewere wa pa Lizulu: Jimu 5 koloko mpaka 7 madzulo. Kugona cha m'ma 11 chifukwa ndimayamba ndaonera mpira. Kudzuka hafu pasiti 3.

Madala a Zitsulo: Basi ndamva. Mwana wanga, iwe sukumenya jimu kamodzi pa tsiku ayi. Ukumenya kawiri, ndipo yoyambayo ndi ya maola asanu. Msana sudziwa kuti ichi ndi chitsulo cha ku jimu, ili ndi thumba la bwana. Kwa msana zonsezo ndi katundu. Ndiye pamwamba pake ukugona maola anayi ndi theka. Thupi limenelo likule nthawi yanji?

Wakabaza wa pa Kalinyeke: Eee apa mwalasa ine madala. Ndimapalasa tsiku lonse kenako madzulo miyendo ku jimu, ndiye ndimadabwa kuti ntchafu sizikusuntha.

Aphunzitsi a Bayoloje: Ndiloleni ndiikepo za m'kalasi pang'ono, musandithawe ngati ana a Fomu 3. Pamene mukunyamula chitsulo cholemera, mnofu sukukula nthawi imeneyo. Ukukokeka, ukutopa, ndipo timinyewa tina ting'onoting'ono m'kati mwake timawonongeka. Chimene mwachita ndi kulitumizira thupi uthenga woti pano pakufunika kulimbitsa. Kumanga kwenikweni kumayamba mutachoka pa jimu, ndipo pa mnofu umene mwauvutitsawo kumakhala kukuchitika kwambiri kwa maola 24 mpaka 48. Ndiye mukamenya chifuwa Lolemba, Lachiwiri chifuwa chomwecho, Lachitatu chimodzimodzi, mukugumula khoma amisiri ali pakati pomanga.

Aphunzitsi a Bayoloje: Chachiwiri ndi mahomoni. Thupi likakhala pa mpanipani nthawi yaitali, kusagona, kudya mosakwanira, ntchito yolemetsa, homoni yotchedwa cortisol imakhala yokwera. Imeneyi ntchito yake ina ndi kuphwanya mapuloteni, kuphatikizapo a m'minofu, kuti thupi lipeze mphamvu. Pomwe homoni yokulitsa thupi imatuluka yambiri munthu ali m'tulo tofa nato, makamaka maola oyambirira akangogona. Kusagona mokwanira kumatsitsanso testosterone, homoni yachimuna yothandiza kumanga minofu. Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9. Mnzathuyu akupeza theka lake.

Madala a Zitsulo: Aphunzitsi mwanena zachizungu, ine ndinene zakwathu. Zitsulo zathu zambiri ndi za simenti ya m'zitini za penti. Ndani pano anathirapo simenti m'chitini m'mawa n'kuinyamula madzulo ake? Timaisiya pamthunzi, kumaithirira madzi sabata yathunthu, n'chifukwa chake siinyenyeka. Simenti timaichitira chifundo, thupi lathu lomwe ayi.

Njovu ya pa Mphate: Kkkk madala ndi miyambi yanu. Nanga Arnold uja bwanji sananyenyeke?

Madala a Zitsulo: Arnold sankakweza kabichi pa Lizulu 4 koloko m'mawa. Ntchito yake inali kunyamula, kudya, kugona. Ndipo iye mwini anavomera poyera kuti ankagwiritsa ntchito ma steroid, omwe amapangitsa thupi kuchira msanga kuposa la munthu wamba. Mukatenga ndondomeko yake n'kumupatsa mnyamata wodya nsima ya masamba, mwamupha. Poti mwatchula akatswiri, tatchulaninso Dorian Yates wa ku Birmingham. Anawina Mr. Olympia ka 6, kuyambira 1992 mpaka 1997, koma ankalowa mu jimu masiku anayi okha pa sabata, osakwana ndi ola lomwe. Ndipo ngakhale iyeyo, chifukwa chokakamiza thupi kwambiri, anang'amba katumba mu 1994, mnofu wa kumbuyo kwa mkono mu 1997, n'kusiyira pomwepo. Ronnie Coleman anawina ka 8, koma taonani maopaleshoni a msana ndi chiuno amene wachitidwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mlongo wa ku Bembeke: A Njovu, si inu munkalephera kuvala jekete ku ukwati uja, mpaka alamu anachita kukuthandizani kulowetsa mkono? Linali phewa kapena jekete inali yaing'ono?

Njovu ya pa Mphate: Inali jekete achemwali, musandiyalutse pagulu.

Asisi Anesi: Pepani ndalowa mochedwa, ndinali pa ntchito. Achimwene a pa Lizulu, musanavomereze kuti ndi jimu yokha, pitani kuchipatala akakuyezeni malungo ndi kuchuluka kwa magazi. Kufooka, kuphwanya m'thupi, kuwonda, kusowa chilakolako cha chakudya, zonsezi zimabweranso ndi malungo, kuchepa kwa magazi, shuga, TB, ngakhale HIV. Musanene kuti kuno n'kozizira kulibe udzudzu. Mumakumana ndi anthu a kunyanja ndi kuchigwa, mwina mumatsikirakonso. Funso lina: chigongonocho mukumwera chiyani?

Kachewere wa pa Lizulu: Brufen asisi, nthawi zina Indocid wa pa golosale. Awiri ndisanalowe jimu.

Asisi Anesi: Zimenezo siyani lero lomwe. Mankhwala amenewo sachiritsa chigongono, amangotseka pakamwa ululu kuti mupitirize kuchivulaza. Komanso mukamwa pafupipafupi amapweteka m'mimba, ndipo mukawamwa thupi lili ndi madzi ochepa, mwatuluka thukuta tsiku lonse, amalemetsa impso. Ululu wa pamfundo si chimodzimodzi ndi kuphwanya kwa minofu kumene kumabwera tsiku lachiwiri kapena lachitatu mutamenya jimu. Kuphwanya kuja kumatha kokha. Koma mtsempha wolumikiza mnofu ku fupa sulandira magazi ambiri ngati mnofu, ndiye umalimba mochedwa, umachiranso mochedwa. Mnofu ukhoza kukhala wokonzeka kunyamula 80 pomwe chigongono chikadali pa 60.

Makaniki wa pa Boma: Asisi poti mwatchula impso, ndiloleni ndisimbe zanga, mwina wina zimupulumutsa. Chaka chatha ndinakhala miyezi iwiri osakhudza chitsulo, ntchito inachuluka pa galaja. Nditabwerera mu Okutobala, kunja kukutentha, anyamata ankapikisana ma squat, ndipo wina anati madala mwakalamba. Ndinapsa mtima. Ndinaika ekiselo yathu ija paphewa n'kumenya maseti osawerengeka, kenako opanda chitsulo mpaka anandigwira. Madzi sindinamwe, ndinangogula chipisi pa chiwaya n'kupita kukagona. M'mawa ntchafu zitatupa, zolimba ngati mitengo ya bulugamu. Ndinameza Indocid awiri n'kupita kuntchito. Pansi pa galimoto ndinalowa, koma potuluka anachita kundikoka miyendo ngati mbuzi. Tsiku lachiwiri ndikupita kukataya madzi kuseri kwa galaja, ndinaona mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka, wakuda bii, ndiponso wochepa. Ndinaima pamenepo kumayang'ana pakhoma, kuganiza kuti wina wandilodza. Mayi a kunyumba ndi amene anakana zopita kwa asing'anga, anandikweza pa njinga yamoto mpaka kuchipatala. Ndinagonako masiku anayi, madiripi akungosinthana. Adokotala anati minofu inaphwanyika kwambiri ndipo zotuluka m'menemo zinkatseka impso.

Asisi Anesi: Imeneyo dzina lake ndi rhabdomyolysis. Mnofu ukawonongeka kwambiri nthawi imodzi umatulutsira m'magazi puloteni yotchedwa myoglobin, ndipo imeneyo ndi imene imadetsa mkodzo n'kuvulaza impso. Imakonda kugwira munthu amene wabwerera atapuma nthawi yaitali, kapena woyamba kumene amene akupikisana ndi anzake, makamaka kukatentha ndipo sanamwe madzi. Mayi a kunyumba kwanu muziwalemekeza, achimwene. Impso zikaima ndi nkhani ya makina otsuka magazi, ndiye kuti ulendo wa ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queens ku Blantyre. Aliyense pano: mkodzo wakuda, minofu yotupa, kufooka kodabwitsa mutamenya jimu, musadikire kuche.

Wakabaza wa pa Kalinyeke: Mayo ine. Zimenezi sindinazimvepo chibadwire.

Lachitatu m'mawa

Njovu ya pa Mphate: Za a Makaniki ndamva ndipo pepani. Koma ine mantha anga ndi akuti anyamata a masiku ano akamva mawu oti overtraining, kumenya jimu mopyola muyezo, aliyense azingoti ndatopa, ndikupuma. Ku jimu kwathu alipo amabwera kawiri pa mwezi, theka la nthawi ali pa foni, ndiye akamve zimenezi.

Aphunzitsi a Bayoloje: Apa a Njovu muli ndi mfundo, ndikuvomereza. Mu 2013 mabungwe awiri, European College of Sport Science ndi American College of Sports Medicine, anatulutsa mfundo imodzi yogwirizana pa nkhaniyi ndipo anaigawa patatu. Pali kupyola muyezo kwa kanthawi, komwe mphamvu zimatsika koma mukapuma masiku angapo kapena sabata ziwiri zimabwerera, nthawi zina kuposa poyamba. Akatswiri amachita zimenezi dala. Pali kwachiwiri, komwe kuchira kumatenga masabata ambiri mwinanso miyezi, ndipo simupindulapo kanthu. Kwachitatu ndiye overtraining yeniyeni, yomwe imatha miyezi yambiri, ndipo palibe kuyeza magazi kumodzi komwe kungaitsimikize, madokotala amayamba achotsa matenda ena onse, monga anenera asisi. Yachitatuyi siichitikachitika, ndipo imaoneka kwambiri kwa othamanga mitunda italiitali, opalasa njinga ndi osambira kusiyana ndi ife a zitsulo. Mnzathuyu ndikumuona ali pakati pa yoyamba ndi yachiwiri. Vuto lake lalikulu si zitsulo zokha, koma kuti zimene akuchotsa m'thupi zikuposa zimene akubwezeramo.

Madala a Zitsulo: Ndiye kuti ngongole, aphunzitsi. Katapila.

Aphunzitsi a Bayoloje: Katapila weniweni madala. Kachewere, tatiuza zimene unadya dzulo, usabise.

Kachewere wa pa Lizulu: M'mawa tiyi ndi mandasi atatu. Masana chipisi cha pa chiwaya ndi kabichi. Usiku nsima ya mpiru wotendera. Nyama mwina Loweruka.

Aphunzitsi a Bayoloje: Apo ndiye pagona nkhani. Wofuna kukulitsa minofu amafunika mapuloteni okwana magalamu 1.6 mpaka 2.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Iweyo pa 65 kg ndiye kuti magalamu 104 poyambira. Kachewere amene ukusenzayo ali ndi magalamu 2 okha pa magalamu 100 aliwonse. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6. Ndiye usaganize zodalira mazira okha, angafunike 17 pa tsiku, malipiro onse athera pomwepo. Sakaniza. Nyama ya soya ikakhala youma, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi puloteni. Usipa ndi matemba ouma chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Mtedza uli ndi magalamu pafupifupi 25 pa 100, nyemba zouma kuposa 20 pang'ono. Lita imodzi ya mkaka imapitirira 30. Nyemba kuno kwathu si zosowa. Ndipo nsima usachepetse, munthu wosenza matumba akapanda kukhuta, puloteni yomweyo thupi limaiwotcha ngati nkhuni.

Mlongo wa ku Bembeke: Phala la soya wokazinga ndi nsinjiro m'mawa. Ine ndimapangira achimwene anga, chigayo chimodzi chimawakwanira mwezi. Ufa wa m'zitini uja ndalama yake mugula nayo usipa wa milungu ingapo.

Mnyamata wa pa Tsangano Turn Off: Nanga majekeseni a ma steroid aja amabwera ndi anyamata a ku Joni? Akuti ukabaya sutopanso.

Asisi Anesi: Thupi limachira msanga, koma mtima umakula molakwika, BP imakwera, chiwindi chimavutika makamaka ndi a mapiritsi, mabere amatha kumera, ndipo thupi limasiya kupanga testosterone yakeyake mpaka mbewu ya abambo kuchepa. Komanso minofu imalimba msanga kuposa mitsempha yake, ndiye kuduka sikuchedwa. Botolo logula m'chikwama cha munthu simudziwanso kuti muli chiyani. Ndi zaka zanuzo, achimwene, ayi.

Admin: Zogulitsana majekeseni pagulu pano ayi. Wotumiza nambala ndimuchotsa.

Kachewere wa pa Lizulu: Ndamva akuluakulu. Ndiye nditani kwenikweni? Mantha anga ndi oti ndikasiya sabata imodzi ndiphwa ngati baluni.

Madala a Zitsulo: Suphwa. Mnofu sutha m'sabata imodzi kapena ziwiri, chimene chimachepa msanga ndi kufufuma kuja kwa madzi ndi magazi, ndipo kumabwerera ukangoyambiranso. Ine ndinayamba ndi fulayiwilo ya lole m'ma 90, ndapumapo kangati konse, maliro, kukolola, malungo, koma ndikadali pano. Chita izi. Mawa kuchipatala monga anenera anesi. Sabata ino yonse zitsulo usazikhudze, matumba akukwanira. Mpira wa usiku usiye kaye, 8 koloko ukhale uli m'bulangete, ndipo ukaweruka pamsika ugoneko ola limodzi masana. Sabata yamawa uyambe masiku atatu okha, pakati pazikhala tsiku lopuma. Tsiku limene malole achuluka usamenye msana kapena miyendo, yamenyedwa kale. Uyambire theka la zimene unkanyamula. Ndipo chizolowezi chanu chomenya mpaka mnzako akuchotsere chitsulo pa seti iliyonse chithe. Uziima ukadali ndi mphamvu yokankha kamodzi kapena kawiri.

Aphunzitsi a Bayoloje: Ndiwonjezere nambala. Kwa anthu ambiri maseti olimba 10 mpaka 20 pa sabata pa mnofu umodzi amakwanira, ogawa masiku awiri. Iwe ndi ntchito yakoyo yambira pa 10. Tawerengera ako a chifuwa pa sabata pano.

Kachewere wa pa Lizulu: Benchi maseti 8 tsiku lililonse, kuphatikiza ma push up. Ndiye 56 osawerengera enawo.

Makaniki wa pa Boma: 56! Aise ngakhale injini ya Fuso ingagogode.

Asisi Anesi: Chinanso chosalira ndalama. M'mawa musanadzuke pamphasa, gwirani pamkono muwerenge kugunda kwa mtima kwa mphindi imodzi, muzilemba m'kope. Pakatha sabata ziwiri mudziwa nambala yanu. Ikakwera moonekeratu masiku angapo otsatizana, ndipo tulo tasokonekera, mukupsa mtima ndi zazing'ono, chimfine sichikukusiyani, jimu yomwe simukuilakalaka, thupi likupempha kupuma. Komanso kuzizira kwa Juni ndi Julaye kuno si kwamasewera. Musamangofika n'kugona pa benchi. Thamangani pang'ono thupi lifunde, yambani ndi chitsulo chopanda kanthu.

Madala a Zitsulo: Ine ndimachita chonchi: masabata asanu ndi limodzi ndikumenya zolimba, lachisanu ndi chiwiri ndimanyamula theka. Anyamata amandiseka sabata imeneyo. Asekeni, ine jekete ndimavala ndekha.

Njovu ya pa Mphate: Madala mwayambanso.

Patapita masabata atatu, Loweruka madzulo

Kachewere wa pa Lizulu: Akuluakulu ndabwera ndi lipoti. Malungo sanawapeze, magazi akuti ali bwino. Sabata yoyamba inali yowawa, osati thupi koma mtima. 5 koloko ikakwana ndinkasowa pogwira, ndinkangozungulira pamsika, anzanga akudutsa n'kumati wagwa ulesi. Tsiku lachinayi ndinagona kuyambira 8 mpaka alamu osatembenuka, chiyambire Meyi zimenezi sizinachitike. Pano ndikumenya Lolemba, Lachinayi ndi Loweruka. Phala la soya ndayamba, usipa masana m'malo mwa chipisi. Sikelo ikuti 66. Lero benchi 75 kasanu, ndipo ndinaima ndikadali nayo ina m'thumba. Chigongono chokha chikadalankhula ndikamapinda mkono ndi chitsulo chowongoka.

Madala a Zitsulo: Chowongokacho chisiye kaye mwezi wina. Gwiritsa zitini ziwiri zing'onozing'ono zija, chala chachikulu chikuloza kumwamba, zopepuka. 80 usaithamangire, ikupeza yokha.

Asisi Anesi: Chikapanda kusintha pofika kumapeto kwa mwezi, kapena chikatupa, mupite akachione a fizio. Brufen mwasiya?

Kachewere wa pa Lizulu: Ndasiya asisi.

Wakabaza wa pa Kalinyeke: Inenso miyendo ndaisiyira Lamulungu lokha, tsiku limene sindipalasa. Tiona.

Njovu ya pa Mphate: Mfana wachita bwino, 75 si yocheza. Koma Okutobala ndikufuna 85. Anesi, pali kankhani kena ka mnzanga wina, phewa limamudzutsa usiku akagonera kumanja. Ndikulemberani ku inbox.

Mlongo wa ku Bembeke: Mnzanuyo amavala jekete saizi yanji a Njovu?